Ndamva Si Inde

Ana anga, za ubwana wanga ndadumpha. Ndinaweta mbuzi, ndinalekeza Sitandade 8, basi. Esnati wakhala akundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, iye akazitayipe ku ofesi kwake. Ndalemba. Zimene ndasiya ndasiya dala.

M'ma 1980: pa sikelo

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kakang'ono m'munsi mwa phiri, mbali ya kwa Malemia. Anandilemba kukhala wazaumoyo wa m'midzi. Masiku amenewo pulayimale inkakwana, bola ukhale ndi miyendo yopalasa njinga ndi dzanja lowerengeka. Anandipatsa yunifolomu, njinga yakuda ndi sikelo ya ana. Sikeloyo ndinkaipachika pa nthambi ya mango. Ana ankalira, amayi ankaimba nyimbo za phala ndi katemera, ine ndinkalemba pa makadi. Kuimba sindinkaimba nawo. M'mawa nkhungu inkatsika phiri mpaka ku mtsinje wa Domasi, ndipo pofika mudzi woyamba buluku linali litanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Atandibwezera masiku amenewo lero, ndikhoza kuwalandira ndi manja awiri.

Mkulu wathu anali a Likaka. Anthu ankawatchula adokotala. Anali aafupi, a dazi, nsapato zawo zowala ngakhale m'dzinja. Nditangoyamba anandiimika pakhomo kuti ndiziuza amayi kasungunulidwe ka mankhwala a m'paketi, aja a mwana wotsegula m'mimba. Mawu onse ndinaloweza. Ndinkawanena mofulumira kuti mzere uyende. Pomaliza ndinkafunsa, "Mwamva?" Mayi aliyense ankati, "Ndamva." Tsiku lina a Likaka anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenako anaitana mayi wina amene anali atabereka kale mwana kuti azipita.

"Pepani mayi. Mukafika kunyumba agogo ake a mwanayu akakufunsani kuti akuchipatala ati chiyani, mukawauza bwanji?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Ati ndizimunyambititsa ufawu akalira."

Mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga. A Likaka sanakalipire mayiyo, sanakalipirenso ine. Anakhala naye pa benchi, anasungunula paketi m'botolo iye akuona, kenako anamupatsa ina kuti achite yekha. Mayiyo atapita anatembenukira kwa ine.

"Makwinja, wavala yunifolomu, ndiwe mwamuna, wayankhula. Umafuna akuyankhe kuti chiyani? Ndamva ndi ulemu. Usamufunse munthu ngati wamva. Mufunse zimene akachite akafika kwawo, ndiye utseke pakamwa."

"Ndamva, bwana."

"Waona?" anatero, akuseka mpaka kupukuta misozi.

Kutseka pakamwa sikunandivute. Ndinabadwa choncho. Chimene ndinaphunzira ndi kumvetsera mmene mawu aja akutulukira. Ndamva wa ulemu amatuluka msanga, nthawi zina usanamalize n'komwe, maso ali pansi. Wa munthu amene wamvadi amachedwa. Munthuyo amayamba wakhala chete, ndipo kawirikawiri kumbuyo kwake kumabwera funso. Palinso wina wa amuna akuluakulu. Ameneyo amayamba ndi kutsokomola, ndipo tanthauzo lake n'lakuti yankhulani mpaka mutope, chimbudzi sindikumba.

M'ma 1990: palafini

Anandisamutsira ku kachipatala kena mbali ya ku Malosa. Zaka zimenezo zinthu zinasowa. Firiji ya katemera inkayendera palafini, ndipo palafini ankatha mwezi usanathe. Lawi likayamba kufiira ndinkakwera njinga kukapempha m'zipatala zina ndi kachigubu. Nthawi zina ndinkatenga wa nyali ya kunyumba kwathu. Amayi anu ankati, "Firiji yanu ija ndi mkazi wachiwiri, ingomubweretsani tizigawana bwino." Matayala a njinga tinkasoka ndi ulusi wa thumba. Chaka china matenda otsegula m'mimba atavuta, kolorini wothira m'madzi anatha. Tinkauza anthu kuti aziwiritsa madzi, iwo akuyang'ana nkhuni zawo zonyowa n'kumati ndamva. Apo ndinaona kuti nthawi zina munthu wamva bwinobwino, koma zimene ukumuuzazo sizingatheke pakhomo pake. Ndinasiya kulalikira. Ndinkakhala pa khonde n'kufunsa kuti madzi amatunga kuti, nkhuni amatola kuti, ndani amamwa poyamba. Mayankho ambiri ankachokera kwa eni ake.

A Likaka anapuma ntchito zaka zimenezo. Ndinakawaona kwawo akudwala. Anandifunsa ngati ndikadayankhulabe ngati wailesi. Ndinati ndinasiya. Pamaliro awo ndinanyamula nawo bokosi.

Nthawi yomweyo achibale anayamba kundisankha unkhoswe. Ana a alongo anga ndi ambiri, a kwa amayi aakulu ndi a kwa amayi aang'ono omwe. Aliyense akafuna kukwatira ankati amalume a Makwinja ndiwo ayimire, chifukwa nkhani ikalowa mwa iwo situlukanso. Maukwati amene ndinayimira ndi ochuluka. Anyamata ambiri mwa iwo anapita ku Joni kukafuna ntchito, akazi n'kutsala kwawo ndi amayi awo. Ndanena zimenezi kuti pa nkhani ikubwerayi musavutike kuwerenga zala. Mayina ndasintha, mudzi sinditchula.

M'ma 2000: a kafukufuku

Kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre. Ankafuna kuona ngati mankhwala ena a malungo angateteze anthu akamwa asanadwale. Ankafuna wodziwa midzi, ndipo ananditenga. Wotitsogolera m'midzi anali Sisitala Magombo, namwino wamkulu, mayi wonenepa woyenda pang'onopang'ono. Tinali titagwirapo limodzi ntchito ya katemera. Pamwamba pake panali dokotala wachinyamata, waulemu, wosadya masana. Anandilonjeza kuti mwezi ukatha andipatsa njinga yamoto. Ndinali nditapalasa zaka zambiri, mawondo atayamba kulira. Njinga imeneyo ndinkailota.

Anthu poyamba ankaopa. Ankati a kafukufuku amafuna magazi. Sisitala sankatsutsana nawo. Ankakhala pa mphasa, kuvula nsapato, n'kuwasiya anene zonse mpaka zithe. Ife antchito anatipatsa malamulo awiri. Loyamba, munthu aliyense wamkulu asankhe yekha kumwa kapena kukana. Mwamuna asasankhire mkazi, wachibale asasankhire mnzake. Lachiwiri, chimene wamva pa ntchito si chako. Sungapite nacho kunyumba, kutchalitchi kapena kumaliro.

Panali chinthu chimodzi chovuta. Mankhwalawo sankayenera kumwa mayi woyembekezera, makamaka miyezi yoyamba. Koma kwathu kuno mimba yaing'ono sitchulidwa. Imadikirira kudzionetsa yokha. Pa tebulo panali mtsikana wofunsa amayi monong'ona ngati asamba mwezi umenewo. Wokayika ankalowa m'kachipinda kuti Sisitala amuyeze. Koma pa bwalo lodzaza anthu, kulowa m'kachipinda kaja kunali ngati kuimba belu.

Tsiku lina tinali pa bwalo la tchalitchi china. Ine ndinali kumapeto kwa tebulo, wopereka kapu ya madzi, kuonetsetsa kuti munthu wameza. Pa mzere ndinaona Lute, mkazi wa Yona, mwana wa mlongo wanga. Ukwati wawo nkhoswe wa kuchimuna ndinali ine. Yona anali atapita ku Joni, chaka chitadutsa kale, osabwerako. Lute anali mtsikana wachangu, woyamba pa chilichonse. Tsiku limenelo ankangopatsa anzake malo kuti adutse. Amayi ake anali kumbuyo kwake, akumukankha.

"Iwe tayenda, nyemba zija zipserera."

Mtsikana wa pa tebulo atamufunsa ngati wasamba, Lute anangovomera ndi mutu, amayi ake ali pa phewa pake. Analandira mapiritsi. Anafika kwa ine, ananjuta. Ndinafunsa monga ndinkafunsira mayi aliyense.

"Zija tanena za amene sayenera kumwa, zafika?"

Sanayankhe msanga. Anayang'ana mapiritsi m'dzanja mwake. "Ndamva, amalume." Kenako, mawu otsika kwambiri, "Nanga munthu akamwa mosadziwa, chimachitika n'chiyani?"

Atatero anatambasula dzanja kuti alandire kapu.

Ndamva ameneyo ndinamudziwa. Anali wochedwa, wa funso kumbuyo. Mtsikanayo anamva zonse, ndipo ankafuna kumwabe, chifukwa kukana pamaso pa amayi ake ndi mudzi wonse, mwamuna ali ku Joni, kunali kudziulula. Akamwa, chimene chili m'mimba chili pa ngozi. Ndikamulozera kachipinda, ukwati watha dzuwa lisanalowe. Ndikamuitanira Sisitala pambali, maso onse atsatira. Nthawi yoganiza panalibe. Ndinabwezera madzi m'ndowa, ndinatenga mapiritsi m'dzanja mwake, ndinakweza mawu kuti bwalo lonse limve.

"Uyu samwa. Mwamuna wake kulibe, sanavomereze. Nkhoswe ndine, ndakana."

Kenako amayi ake anagwira m'chiuno.

"A Makwinja, mankhwala a malungo nawonso mpaka chilolezo chichokere ku Joni? Udzudzu umakapempha kwa ndani?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, "Ankhoswe awa ndi a chitsulo, mwana wanga asadzakwatiwe kwawo." Ine ndinati, "Wotsatira." Lute anachoka atagwira nsalu kukamwa, ngati munthu wochititsidwa manyazi. Koma zinthu sizinathere pomwepo. Amayi ena amene amuna awo anali kutali anayamba kutuluka pa mzere. Ankati ngati wa yunifolomu wanena choncho, ifenso tidikire eni ake. Ntchito ya tsiku limenelo inawonongeka.

M'mawa mwake dokotala uja anandiitana. Sanakweze mawu.

"Bambo Makwinja, mwezi wonse takhala tikuuza amayi kuti thupi ndi lawo, asankhe okha. Inu mwafafaniza zonsezo ndi mawu amodzi. Pali chifukwa china chimene sindikuchidziwa?"

"Palibe, adokotala."

"Ndiye sindingakusungeni pa ntchito ino. Pepani."

Ananena zoona. Lamulo loyamba ndinaliphwanya pa gulu. Ndikanakhala iye ndikanachita chimodzimodzi. Chifukwa ndinali nacho, koma Lute sanandiuze kanthu. Ndinangomva kamvekedwe ka mawu. Sungaike mbiri ya mkazi wa mwini pa tebulo la ofesi chifukwa cha kamvekedwe.

Ndikumanga katundu pa njinga yanga yakale, Sisitala Magombo anabwera n'kuima pafupi.

"A Makwinja, zaka zonsezi sindinakumveni mukutchula chilolezo cha mwamuna. Dzulo chinachokera kuti?"

Ndinapitiriza kumanga lamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva," anatero pang'onopang'ono. "Dimba la mtsikana uja lili mbali iti?"

Ndinaloza ndi mutu. Pambuyo pake ndinamva kuti Sisitala anakagula mpiru kumeneko, ndipo anakhalitsa kuposa mmene munthu amakhalira pogula mpiru. Zimene anakambirana sanandiuze, ine sindinafunse.

Chaka chomwecho, mvula itayamba

Ndinabwerera ku sikelo ya ana. Njinga yamoto anapatsa wina. Inkandidutsa pa msewu wa ku Liwonde, mwini wake akundiimbira hutala. Amayi anu anakwiya kwambiri. "Mwataya njinga chifukwa cha mwano. Mkazi wa mwini akamwa mankhwala inu chikukupwetekani n'chiyani?" Anapita kumanda akudziwa kuti ndinali wouma mutu basi. Sanalakwitse kwenikweni.

Koma chovuta sichinali njinga. Ndinali nkhoswe. Yona anandikhulupirira kuti ndimuyang'anire banja. Ntchito ya nkhoswe ndi yomweyo, ukaona chokhota uitane anzako a kuchikazi mukhale pansi, ndipo mwini wake adziwe. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti mimbayo ndi ya mwamuna wina. Ndikakumana ndi Lute pa njira ankagwada patali, ine ndinkayankha moni mouma. Ndinkayang'ana anyamata a m'mudzimo mmodzimmodzi. Mlongo wanga, mayi wake wa Yona, ankandiyamikira kuti ndasunga mwambo, ndipo kuyamikirako kunkandiwawa kuposa chipongwe.

Tsiku lina la msika ndinapita pa Songani, pa kanyumba koimbira lamya. Ndinali ndi nambala ya mnzake wa Yona ku Joni, imene tinkamupezerapo. Ndinaima pa mzere. Ndinali nditakonza mawu: uza Yona abwere, kunyumba kwavuta. Nditafika kutsogolo mayi wa lamya anati, "Nambala, bambo?" Ndinaima. Ndinadzifunsa kuti nkhaniyi ndinaimva ndili ndani. Sindinaimve pa khonde ngati malume. Ndinaimva nditavala yunifolomu, kapu ili m'manja, kwa munthu amene tinamulonjeza kuti za pa tebulo lija zimathera pomwepo. Lamulo loyamba ndinali nditaphwanya kale. Ndikaphwanya lachiwiri, ndiye kuti mtsikana uja ndinamupulumutsa pa bwalo kuti ndikamuphere kuseri.

"Bambo, anthu akudikira."

"Ndasintha maganizo."

Ndinagula sopo n'kubwerera. Mtima sunakhale pansi. Ndinkaona kuti mwana wa mlongo wanga ndamugulitsa.

Patapita masabata angapo, ndikupalira chimanga m'mawa, ndinaona munthu ataima m'malire mwa munda. Anali Yona. Wowonda, wakuda ndi dzuwa, manja osweka. Analibe chikwama, analibe jekete la ku Joni. Anakhala pansi pa mzere.

"Amalume, ndabwera."

"Basi ya ku Joni yafika liti?"

Anatola kadothi n'kukaphwanya. "Ku Joni ndinachokako kalekale. Anandigwira ndilibe mapepala, anandidipota. Ndinafika ndi malaya a pathupi okha. Anzanga akubwera ndi malata, ine ndilowe m'mudzi chimanjamanja? Ndakhala ndikuumba njerwa ku Liwonde. Mnzanga uja ndinamupempha kuti akaimba a kumudzi azinena kuti ndili ku ntchito. Amadziwa ndi Lute yekha. Ankabwera ngati akukagula nsomba. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu." Anataya dothi lija. "Mimba ija ndi yanga, amalume. Lute wandiuza zimene munachita pa tchalitchi paja."

Ndinatsamira khasu. Pa bwalo paja ndinamva bwino kuti pali mimba. Zina zonse, mwamuna wina, chigololo, ndinawonjezera ndekha. Lute ankabisa manyazi a mwamuna wake, ndipo anali wokonzeka kumeza mapiritsi aja kuti lumbiro lisasweke. Ndikanaimba lamya ija, uthenga woti kunyumba kwavuta ukanayenda pakati pa anyamata a kwathu ku Joni, n'kubwerera kuno utamera miyendo.

"Ndipemphe chimodzi, amalume. Za njerwazi zisamveke."

"Kwa anthu sizimveka. Koma apongozi ako ndi nkhoswe wa kuchikazi ukawauza wekha, lero. Anthu aziwerenga miyezi. Manyazi ndi ako, asakusenzere mkazi."

Anayamba kunena kuti mwina sabata yamawa. Ndinamupatsa khasu kuti anyamule, ndinatsogola. Tinapita. Ananena zonse atagwada. Apongozi ake analira, kenako anamutukwana, kenako anamuphikira. Lute anali pa khomo la khitchini. Pochoka anandiperekeza mpaka pa njira, chinthu chimene anali asanachitepo.

Mwana anabadwa wamphumphu. Anthu anawerengadi miyezi. Tsiku la ubatizo Yona anamunyamula yekha kuchokera kunyumba mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo mwanayo anali ndi makutu a kwathu, oima ngati zigwiriro za poto. Nkhani inazima. Ndinamuyeza pa sikelo yanga mwezi ndi mwezi mpaka anakula. Ankalira kuposa ana onse.

Lero

Ndinapuma ntchito mawondo atakaniratu. Njinga yakuda ija ili m'nkhokwe, tayala limodzi kulibe. Azaumoyo a masiku ano ndi ophunzira, amafunsa mafunso akuyang'ana pa foni. Ntchito amaidziwa. Ndikakhala pa mzere wa achikulire kukayezetsa magazi, amandifotokozera za mchere n'kufunsa, "Agogo, mwamva?" Ndimawayankha mwaulemu. Sisitala Magombo ndinakumana nawo komaliza pa maliro ena ku Domasi Mission, akuyenda ndi ndodo. Anandifunsa ngati mpiru wa mbali ija ukadali wabwino. Ndinati ukadali.

Dzulo masana Esnati anabwera kudzatenga mapepalawa. Anawerengera pa khonde, ine ndikusola chimanga. Atafika pa nkhani ya Lute anasiya kuwerenga, anayamba kupinda zala, akutchula asuweni ake amene anapitako ku Joni. Zala zinatha, mayina asanathe.

"Ababa, makutu oima ndi a tonse, pamenepa mwatipusitsa. Ndi ndani? Mundiuze ine ndekha, sinditayipa. Zaka zapita, palibe amene angakwiye. Ndine mwana wanu, muyenera kundiuza. Mwamva?"

Ndinatsokomola.

"Ndamva," ndinatero.